Laputopu Yadwala Kunyanja

Tiyambire ku Metangula, ku boma la Lago, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Aphunzitsi ena laputopu yawo inkati ikangoyaka pang'ono, fani n'kuyamba kubuula, kenaka thii, yazima. Mwana wa mlongo wawo wa ku Lichinga anawauza pa foni kuti, "Amalume, imeneyo ikutentha. Fumbi latseka timabowo ta mpweya. Pukutani ndi kabulashi, ndipo musamaiike pa matilesi." Aphunzitsi anangoti aona. Sabata yotsatira anakwera chapa kupita ku msonkhano ku Lichinga, kumtunda kozizira kuja, ndipo laputopu inagwira ntchito tsiku lonse osatsokomola. Atabwerako analemba kalata yopempha kuti awasamutse. Pofotokoza chifukwa anati: "Ine kunyanja ndinazolowera, koma mnzanga amene ndimagwira naye ntchito nyengo ya kuno yamukana."

Mnyamata wa ku Cóbuè ankachokera ku Likoma pa boti, mwera n'kuwapeza pakati pa madzi. Chikwama chinanyowa, laputopu inamwa. Iye anachita zonse mwanzeru. Sanaiyatse, anachotsa batire, anaitsegula n'kuizondotsa kuti madzi akhe. Kenaka anati, "Amayi, iyi iume masiku angapo, munthu asaikhudze." Pobwera madzulo anaipeza ili pa thandala, pakati pa usipa. "Amayi, mwatani kodi?" "Usade nkhawa mwanangu, ndaitembenuza kawiri. Ndathirakonso kamchere kuti isaole."

Bambo wina ku Meluluca laputopu yake inangokhala duu, osayaka ngakhale kagetsi kamodzi. Anaimbira mlamu wake wodziwa zinthuzi. "Alamu, zulani chaja, chotsani batire. Tsopano dinani batani loyatsira, musachotse chala mpaka..." Kirediti ya Movitel n'kuthera pomwepo. Mlamuyo ankafuna kunena kuti mpaka masekondi 30, kuti magetsi otsalira m'kati atheretu. Dzuwa linapendeka, nkhuku zinalowa, bambo chala chili pa batani. Mkazi wake atabwera ndi nsima ya kondowole, bamboyo anati, "Amayi a ana, ingondinyemerani. Dzanja ili lili pa ntchito."

Ya wogulitsa sopo ndi mafuta ku Lunho inali ndi matenda ena. M'mawa uliwonse ikayaka inkanena kuti lero ndi 1 Januwale 2009. Mwana wa sukulu anamuuza kuti m'katimo muli kabatire kozungulira ka mavolti 3, kolembedwa CR2032, komwe kamasunga tsiku ndi nthawi, ndipo katha mphamvu. "Ndi kotchipa, amalume, tingosintha." Bamboyo anakana kwamtuwagalu. "Usakakhudze. Mu 2009 ndinalibe ngongole, ndinalibe dazi, ndinalibe apongozi." Mkazi wake anamva ali kukhitchini. Masana atakwana, pa mphasa panalibe mbale. "Nanga nsima?" "Kafunseni kompyuta yanuyo. Mu 2009 munalibenso wokuphikirani."

Pagombe pena pomwe waya wa magetsi sanafike, msodzi wina chaja yake inaduka. Anawerenga zolemba pa chajayo: mavolti 19. Anayang'ana batire la nyali zake zokopera usipa usiku: mavolti 12. Anawerengera pa mchenga n'kupeza kuti akuperewera 7. Anakabwereka batire lina kwa mnzake, n'kulumikiza awiriwo motsatizana, akwana 24. Mnzakeyo anati, "Achimwene, mwapyola ndi 5." "Ikangotenga 19 akewo, otsalawo ibweza." Atagunditsa waya, panamveka kuti phwa, utsi n'kuyamba kufuka m'mbali. Msodzi anagwedeza mutu mokhutira. "Mwaona? Chenji ikutuluka."

Iyi ndiye imandiphetsa kuseka. Ku Mozambique kuno mayeso amachongera pa 20, ndipo wofika 10 wapulumuka. Mnyamata wina ku Messumba anadziwa kuti Chipwitikizi sichinamuyendere, ndipo mphunzitsi wa phunzirolo anali bambo ake omubereka. Mwamwayi laputopu ya bambowo, momwe munali malikisi a kalasi yonse, inasiya kuyaka. Inkangolira kuti pii, pii, pii, sikirini ili bii. Mnyamata anayamba kudya bwino. Kenaka anamva anzake akunena kuti m'kati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa RAM, ndipo anthu amakazula n'kupukuta timano take tagolide ndi labala ya pensulo. Iye anangogwirapo mawu akuti labala. Anati kuti nkhani itheretu, bwanji ndifufute zonse. Usiku anatsegula pansi, anazula kachipangizoko, anakakhula ndi mtima wake wonse, n'kukabwezera mpaka kanalira kuti khethe. M'mawa bambo atadina batani, laputopu inayaka bwinobwino. Anamukumbatira mwana wawo misozi ili m'maso. "Mwana wanga ndi injiniya!" Kenaka anatsegula malikisi. "Injiniya, tabwera kuno. 6 uyu ndi wa ndani?"

Ku Maniamba bambo wina anatsegula yake kuti achotse fumbi pa fani. Timasikuluwu anatiika pa lichero pakhonde kuti tisasowe. Tambala anadutsa. Atawerenga, tinayi palibe. Banja linakhala upo, ndipo chigamulo chinali chimodzi: tambala aphedwe, timasikuluwu tifunidwe m'nthutumba. Tinapezeka tonse, laputopu inatsekedwa, ndiwo zinakoma. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ana amabwera nkhope zili zachisoni. "Ababa, fani ija yayambanso kulira. Tikatenge lichero?"

Mnyamata wina kiyibodi yake chilembo cha A chinafa. Anamuuza kuti agule ya USB yongolumikiza, koma ndalama analibe. Analembera amalume ake a ku Joni kuti: "Mlume, ndlm zth." Yankho silinachedwe: "Kunonso."

Tsopano ya sikirini. Mkulu wina wolemekezeka ku Metangula laputopu yake inkamveka kuti yayaka, fani ikuzungulira, koma posaoneka kanthu. Mnyamata woonetsa mpira pa msika anati, "Bwana, tiilumikize ku TV ndi waya wa HDMI. Chithunzi chikatuluka uko ndiye kuti m'kati muli bwino, vuto ndi sikirini kapena kawaya kake." Anthu anali atadzaza kudikira mpira, ndipo mkazi wa mkuluyo anali pakhomo kugulitsa mandasi. Waya atangolowa, pa TV yonse panadzaza chithunzi cha mayi wina akumwetulira pagombe la Chuanga, mutu atatsamira paphewa la bwana. Mnyamata anaomba m'manja. "Bwana, vuto talipeza!" Mayi wa mandasi anatula beseni pansi. "Nanenso ndalipeza."

Mwezi ukakhala mumdima, nkhungu zimatuluka m'nyanja, ndipo kwa odziwa zimenezo ndi ndiwo. Mtsikana wina anaiwala laputopu ili chiyakire pakhonde usiku wotere. Kuwala kuja kunaitana mtundu wonse. M'mawa mabatani onse anali gwa, osadinika. Anaizimitsa, anaizondotsa, n'kuyamba kusesa pakati pa mabatani ndi mswachi wakale, uku akulira. Agogo ake anafika ndi mbale n'kutchera pansi pake. Itadzaza anaiyang'ana laputopu ija mwaulemu. "Iwe unkati chimenechi ndi cha sukulu. Usiku uno uchiikenso panja."

Ya katekisiti wina inayamba kutupa pamimba, mpaka potsetsereka chala paja panatukuka. Mwana wake anamuchenjeza kuti batire lafufuma, alichotse msanga, asaliboole kapena kuliponya pamoto chifukwa limatha kuyaka. Azakhali atamva anabwera kudzaona okha. Anaisisita, anaikweza m'manja kuyesa kulemera kwake, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Imagona kuti?" "M'chikwama, pamodzi ndi foni." Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Basi. Ine sindinena zambiri. Koma kakabadwa, kafoniko ndi kanga."

Mlembi wa gulu lina la asodzi anamva hadi disiki ikuti tcheke, tcheke, tcheke. Anamuuza kuti imeneyo ili pafupi kufa, choncho mayina a mamembala ndi ndalama zawo azisunge msanga pamalo ena. Iye sanazengereze. Anakulunga laputopu yonse m'chitenje n'kukaisungitsa kwa apongozi ake.

Yomaliza. Laputopu ya bambo wina inazima pakati pa filimu, ndipo mudzi unasonkhana. Wina anati ndi fani. Wina anati ndi RAM, n'kutulutsa labala m'thumba. Msodzi wa chenji uja anadzipereka kubweretsa mabatire awiri aja. Azakhali anafunsa komwe imagona. Anamasula pansi, anamasula pamwamba, anazula kiyibodi, zipangizo zinadzaza mphasa. Kunja kutayamba kuda, kamwana kanatumidwa kukayatsa getsi kuti akuluakulu aone bwino. Kanabwerera kakuti, "Ababa, getsi silikuyaka. Mita ya Credelec yalemba ziro kuyambira m'mawa." Onse anayang'ana mphasa ija. Mwini wake anakanda mutu n'kufunsa, "Alipo amene akukumbukira chinayamba kuchoka ndi chiti?"

Inu amene laputopu yanu ikugwirabe ntchito, chonde musabwereke aliyense mwa anthu amenewa, makamaka msodzi uja.