Kaopsezedwe ka mudzi: malangizo kwa mtolankhani pa nthawi ya mliri

Mliri subwera chaka ndi chaka, choncho mtolankhani wofuna kutchuka asaulole kudutsa asanadyepo kanthu. Kuchokera pa 2 Epulo 2020, tsiku limene Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19 mu Lilongwe, kudzafika pa kolera wa mu 2022 ndi 2023, luso loopseza anthu lapita patsogolo kwambiri, kungoti palibe amene analilemba mwadongosolo. Malangizo awa ndi a inu amene mumatola nkhani ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma. Mukawatsata mosaphonya, mlimi adzazimitsa wailesi, mayi woyembekezera adzaleka kupita kusikelo, ndipo dzina lanu lidzamveka.

1. Werengani omwalira okha

Tsiku ndi tsiku komiti ya Pulezidenti yoona za Covid-19 inkatulutsa chiwerengero cha oyezedwa, opezeka ndi kachilombo, ochira ndi omwalira. Inu tolanipo chomalizacho, zinazo n'zotayitsa nthawi. M'dziko muno anthu oposa 88,000 anapezeka ndi matendawa ndipo oposa 2,600 anamwalira. Munthu amene anafika Sitandade 8 akamva manambala awiriwa pamodzi adzawerengetsa yekha kuti mwa anthu 100 opezeka ndi matendawa, pafupifupi 97 anapulumuka. Akatero mtima ukhala pansi, mwinanso n'kupita kukayezetsa. Musamupatse danga limeneli. Tchulani chiwerengero cha onse amene amwalira chiyambire mliri, koma ndi mawu onjenjemera, kuti womvera aziyesa kuti onsewo atsikira kulichete usiku wathawu. Pa kolera chitani chimodzimodzi: omwalira oposa 1,700 akhale pamutu wa nkhani, anthu oposa 50,000 amene anachira akhale m'kope lanu.

2. Maliro alionse ndi a mliri

Mukamadutsa pa njinga yamoto n'kuona masamba atayalidwa mopingasa msewu, imani. Pasiwa mudzapeza amayi atakhala pansi m'nyumba akuimba, abambo ali pansi pa mtengo wa mango, mfumu ikulandira chipepeso, adzukulu atalawirira kumanda ndi makasu. Musafunse kuti malemuwo anadwala chiyani, chifukwa angakuuzeni kuti anali agogo a zaka zambiri amene akhala akuvutika ndi shuga kuyambira kalekale, nkhani yanu n'kufera pomwepo. Jambulani bokosi, jambulani mayi amene akulira kwambiri, osapempha chilolezo, kenaka lembani kuti “akuganiziridwa kuti”. Mawu awiriwa ndi chishango chanu. Dzina la mudzi ndi la banja muwatchule momveka bwino, kuti mawa pamjigo anthu aziwathawa anamfedwawo ndiponso kuti pamsika wa Nsaru pasapezeke wogula tomato wawo.

3. Pewani alangizi a zaumoyo

Mlangizi wa zaumoyo ndi munthu woopsa pa ntchito yanu. Amadziwa midzi yake nyumba ndi nyumba, ali ndi kaundula, ndipo amatha kukuuzani kuti odwala m'dera lake ndi angati, achira angati, chitsime chimene chikuvutitsa ndi chiti. Mumuona akupalasa njinga, kabokosi kosungira katemera atakamanga ndi mphira pakaliyala, botolo la kulorini lili m'chikwama. Mlekeni adutse. Pitani pasiteji ya akabaza, funsani amene akuyankhula mokweza kuposa anzake, ndipo munkhani mumutchule kuti “anthu okhala m'derali”. Uthenga wa mawu umene wafika pa WhatsApp kuchokera kwa munthu wosadziwika dzina, amene akuti mlamu wake amagwira ntchito kuchipatala, ndi umboni wokwanira. Foni ya mneneri wa ofesi ya zaumoyo muiimbe kamodzi, muidule isanayankhidwe, mulembe kuti sanapezeke.

4. Chipatala chizioneka ngati njira ya kumanda

Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chakhala chikuchiza anthu kuyambira mu 1959, ndipo tsiku lililonse pachipata chake, monganso pachipatala cha Kabudula, pamatuluka anthu atanyamula mitolo yawo kubwerera kwawo ali bwino. Amenewo si nkhani. Dikirani galimoto yonyamula maliro. Anthu akakhulupirira kuti wolowa m'chipatala satulukamo wamoyo, adzasunga wodwala kunyumba, kumufukiza masamba a bulugamu ndi kumumwetsa ndimu ndi jinja mpaka mpweya utayamba kubanika. Adzafika naye kuchipatala mochedwa, adzamwalira, ndipo inu mudzakhala ndi nkhani ina yotsimikiza yoyamba ija. Mlimi wanzeru amasunga mbewu.

5. Nkhani ya katemera muidule pakati

Pa 19 Meyi 2021, nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda inatsogolera kuwotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 pachipatala cha Kamuzu Central. Mutu wa nkhani ndi wachidziwikire: “Boma lawotcha katemera.” Lekezani pomwepo. Musafotokoze kuti katemerayo anafika m'dziko muno kumapeto kwa Malichi atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu, kuti wambiri anabayidwa nthawi isanathe, ndi kuti wotsalayo anawotchedwa poyera dala pofuna kuti anthu atsimikize kuti palibe adzabayidwe katemera wotha ntchito. Mukasiya zimenezi, womvera wa ku Nambuma adzamaliza yekha nkhaniyo, ndipo adzaimaliza ndi poizoni, kusabereka ndi 666.

6. Musakondere mbali

Kusukulu ya utolankhani anakuphunzitsani kuti nkhani imakhala ndi mbali ziwiri. Gwiritsani ntchito lamuloli mokhulupirika. Dokotala akayankhula mphindi zisanu kuti kolera amafala kudzera m'madzi ndi zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, patsaninso mphindi zisanu munthu amene akuti matendawa akuchita kubwera nawo ndi achipatala. Musanene kuti umboni uli mbali iti. Ingotsekani pologalamu ndi mawu akuti “omvera, weruzani nokha”. Achipatala akadzagendedwa pamudzi wina, mudzathamangireko ndi kamera n'kudabwa nawo kuti anthu maganizo oterewa amawatenga kuti.

7. Akakudzudzulani, tembenukani kotheratu

Tsiku lina mkonzi wanu, kapena bwana wina wa m'boma, adzadandaula kuti nkhani zanu zanyanya kudetsa nkhawa. Musatsutse. Kuyambira tsiku limenelo lembani zokoma zokhazokha: alendo apereka ndowa zosambira m'manja, mfumu yathokoza, ana avina. Za ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbanira ndi Covid-19, zimene kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti zina zinathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe ka katundu kosatsata malamulo, musazikhudze. Zimagwetsa anthu mphwayi. Musafunse ngati pachipatala chaching'ono pali magolovesi, mpweya wothandizira kupuma kapena madzi. Mukanakhala pa ntchito pa 12 Januwale 2021, tsiku limene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19, mukanayenera kutsegula nkhani ndi mitengo ya feteleza. Njira iyi imafikitsa kumene inafikitsa yoyamba ija: munthu amene wauzidwa kuti zonse zili bwino savala chotchinga pakamwa, monganso amene wauzidwa kuti tonse tikufa saona chifukwa chochivalira.

8. Musauze munthu chochita

Nkhani yabwino yoopseza imasiya womvera manja ali m'khosi. Choncho musatchule nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni. Musanene kuti wotsekula m'mimba ayambe kumwa Thanzi ORS ali m'njira yopita kuchipatala, kuti madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kulorini, kapena kuti chithandizo cha kolera m'zipatala za boma n'chaulere. Zoterezi n'zotopetsa, ndipo zimachepetsa maliro amene mukanalemba sabata yamawa.

9. Za mphika ndi malungo si zanu

Mu Epulo 2020 boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, ochita malonda m'misika anachita zionetsero pofunsa kuti adya chiyani, ndipo Khoti Lalikulu, kudzera mwa woweruza Kenyatta Nyirenda, linauimitsa usanayambe. Funso lawolo ndi limenenso linali pamtima pa mmisiri wa mipando wa pa Namitete ndi mlimi wa fodya amene ankadikira msika wa ku Kanengo. Inu musalifunse. Musafufuzenso za atsikana amene sanabwerere m'kalasi sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, kapena za ana amene malungo anapitiriza kuwagoneka m'zipatala mliri uli mkati. Ndipo mliri ukazilala, musabwerere kumudzi umene munauchititsa manyazi kuti mukanene kuti odwala aja anachira. Kutsatira nkhani kumadya mafuta.

Mwina pali ena mwa inu amene malangizo awa akuwavuta, amene amaumirira kutchula omwalira ndi ochira m'chiganizo chimodzi, kufunsa kumene ndalama zapita, kutsimikiza nkhani asanaiulutse ndi kumaliza ndi chimene womvera angachite lero lomwe. Oterowo tawachenjeza: sadzatchuka msanga, nkhani zawo sizidzazungulira m'magulu a WhatsApp, ndipo chimene adzapindule n'chakuti mliri wina ukadzafika, anthu a ku Kabudula adzawakhulupirira.