M'mimba ndi m'chipala, ngakhale kwa mapasa

Akuluakulu ankati m'mimba ndi m'chipala potonthoza mayi amene wabala m'busa ndi chidakwa. Mvukuto ndi womwewo, koma wosula atulutsa khasu lero, mawa nkhwangwa. Ine ndinkayesa kuti mwambiwu sukhudza mapasa a dzira limodzi, mpaka nditakongoza ndalama mmodzi wa mapasa ogulitsa manachesi pa Mwanza boma.

Ndikapita kukalonjerera ngongole, aliyense ankati, "Achimwene, munakongoza mnzangayo." Nkhope imodzi, mawu amodzi, bodzanso limodzi. Anandipulumutsa ndi mayi awo. "Bambo, wangongoleyo ndi wamanzereyo, amene amavutika ndi mphumu."

Kodi chitsulo chimodzi chimasiyana pati? Dzira likagawika pawiri, maselo amapitiriza kukopera malangizo achibadwa otchedwa DNA, ndipo amaphonyetsa ngati mwana wasukulu wokopera notsi pabolodi ali ndi njala. Mu 2021 akatswiri a ku Iceland anapeza kuti mapasa otere amayamba moyo atasiyana kale pafupifupi malo 5 m'malangizowo. Cholakwikacho chikagwa pamalo poipa, mmodzi atenga nthenda, mnzake ali gwa. M'mimbamonso wina amakoka chakudya chambiri pamchombo. Umbombo umayambira kutali!

Akabadwa, chipala sichizima. Mu 2013 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa mapasa awiriawiri okwana 317 a kummwera kwa Malawi kuno, ena mwa iwo a dzira limodzi. Pa 43 mwa 100 alionse, mmodzi ananyentchera kapena kutupikana, mnzake ali bwinobwino, chonsecho phala ndi la mumphika umodzi. Ofufuzawo anatenga tizilombo ta m'matumbo mwa anawo n'kuika mu mbewa ku America. Mbewa zolandira ta mwana wotupikana zitadya chakudya chonga cha kumudzi kwathu, zinaonda. Onani mbewa yopita kusukulu m'malo mopita pampani.

Choncho inu amayi a mapasa ku Thambani ndi ku Kunenekude, mmodzi akamatupa mapazi, musaloze chala agogo oyandikana nawo nyumba. Thamangirani naye kuchipatala akalandire chiponde, ndipo mnzakeyo akamuyezenso payekha.

Inu okongoza ndalama, dziwani kuti mizere ya pachala imasiyana ngakhale kwa mapasa. Wokongolayo mudinditseni chala asanalandire ndalama.