Kaundula wa ndalama: miyezi isanu ndi umodzi ya mng'ono wanga

Buku la pakhomo panga, Mbagala, Dar es Salaam. Ndalama zonse ndi mashilingi a Tanzania. Wosungidwa ndi mng'ono wanga, wobadwira ku Malawi ngati ine, yemwe anakwatiwa m'mudzi wina m'boma la Mkuranga. Anabwera ndi ana awiri komanso dzanja lotupa.

USIKU WOCHOKA

Njinga yamoto (bodaboda) kuchokera kumudzi kukafika pamsewu wa Kilwa, mtengo wa usiku: 10,000.
Basi mpaka Mbagala Rangi Tatu, mwana wamng'ono ali pamiyendo: 5,000.
Foni ya mabatani ndi nambala yatsopano, poti yakale mlamu amaidziwa: 30,000.

MILUNGU ITATU YOYAMBA

Fomu ya PF3, yotengedwa kupolisi pa desiki yoona za amayi ndi ana: 0. Dokotala amalembapo mabala onse, ndipo ndi imene imakhala umboni kukhoti.
Minibasi (daladala) kupolisi, kuchipatala ndi kubwerera: 6,000.
Kujambula dzanja ndi mankhwala: 35,000.
Ufa, nyemba, usipa ndi makala owonjezera: 60,000. Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, ana pamphasa, mitu pansi pa tebulo. Kupanikizana tikanapirira, koma mlamu khomo langa amalidziwa. N'chifukwa chake panafunika chipinda china, kudera lina.

CHIPINDA

Lendi, 50,000 pamwezi, miyezi isanu ndi umodzi yolipiriratu: 300,000. Kuno eni nyumba ambiri sapereka kiyi usanalipire miyezi ingapo pakamodzi.
Dalali amene anatipezera chipindacho, mwezi umodzi wa lendi monga mwa chizolowezi: 50,000.
Matilesi: 70,000.
Mbaula, mapoto awiri, ndowa, mbale: 35,000.
Loko watsopano ndi chitsulo chopiringidza chitseko m'kati: 12,000. Ichi anapempha yekha asanapemphe bulangete. Mmisiri atamaliza kukhoma, iye anatseka n'kutsegula kangapo ndi dzanja labwinolo, kenaka anamangirira kiyi pangodya ya chitenje.
Magetsi olipiriratu a LUKU ndi madzi ogula m'zigubu, 15,000 pamwezi: 90,000.

SUKULU NDI MPAMBA

Fizi: 0, pakuti sukulu za boma za pulayimale n'zaulere.
Yunifolomu, nsapato, makope: 40,000.
Mthenga wokatenga kalata yosamutsira mwana kusukulu ya kumudzi, poti mayi wake sakanapondako: 15,000.
Mpamba wa mandasi, ufa wa tirigu, mafuta ndi chiwaya: 60,000.

Zotuluka zonse pamodzi: 818,000.

ZOLOWA

Chipereganyu changa, anzanga atandilola kudumpha mzere: 300,000.
Ngongole ya kuntchito, yodulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi: 200,000.
Mlongo wathu wa ku Johannesburg: 150,000.
Amayi a kumpingo: 120,000.
Zimene mwini wake anasokerera m'mpendero wa siketi, pang'onopang'ono pogulitsa chinangwa: 48,000.
Thumba lililonse lolipirira lendi mayi wothawa nkhanza: 0.

Zolowa zonse pamodzi: 818,000. Zotsala m'manja: 0.

ZOTSALA KUMUDZI

Munda wa chinangwa wongotsala pang'ono kukumba, mbuzi ziwiri, nkhuku, makina osokera, malata amene anagula limodzi ndi mlamu. Sindinaike mtengo chifukwa sizinabwere, koma ndazilemba chifukwa mng'ono wangayo ali ndi gawo lake. Lamulo la ukwati la Tanzania la 1971, ndime 114, limalola khoti kugawa chuma chimene awiri anapeza pothandizana, ndipo mu 1983, pa mlandu wa Bi Hawa Mohamed ndi Ally Sefu, khoti la apilo linagamula kuti ntchito za pakhomo za mkazi zimawerengedwa pa chumacho. Ndime 66 ya lamulo lomwelo imati palibe amene ali ndi ufulu womenya mkazi kapena mwamuna wake. Koma nkhani yothetsa banja imayamba yadutsa ku bungwe loyanjanitsa maukwati, ndipo masiku onse odikira amenewo munthu ayenera kugona penapake.

Kwathu ku Malawi, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula kuti wozunzidwa atsale m'nyumba, wozunza atuluke. Kuno lamulo lapadera lotere kulibe, choncho wonyamuka amakhala womenyedwayo.

MAWU A WOSUNGA BUKU

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 4 mwa 10 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno anachitiridwapo nkhanza zowapweteka m'thupi. Mayi wa kumudzi amavutika kawiri: polisi ndi chipatala zili kutali, ndipo chuma chake chili m'nthaka, sanganyamule usiku. Pa 818,000 ija, 350,000 inafunika tsiku limodzi, pakhomo pa mwini nyumba. Pamenepo ndi pamene amayi ambiri amabwererapo. Anthu amati wabwerera chifukwa cha chikondi kapena ana, pomwe wasowa miyezi isanu ndi umodzi ya lendi.

Makhonsolo a ku Tanzania amapatula 10 peresenti ya ndalama zimene amatolera okha kuti akongoze magulu: 4 kwa amayi, 4 kwa achinyamata, 2 kwa olumala. Ndalamazo n'za bizinesi, ndipo zimafuna gulu lolembetsedwa. Mayi wofika usiku ndi ana awiri alibe gulu. Pempho langa kwa makhonsolo, mipingo, mizikiti ndi mabungwe monga TAMWA, TAWLA ndi WiLDAF, amene akhala akumenyera amayi nkhondo kwa zaka zambiri, ndi lakuti pakhale thumba la lendi yoyamba, lolipira mwini nyumba mwachindunji, lotsegulidwa ndi kalata ya wa zachisamaliro cha anthu m'boma, mkati mwa sabata imodzi.

ZOYEMBEKEZEKA

Lendi yotsatira, ikatha miyezi isanu ndi umodziyi: 300,000.
Zosungidwa kuchokera ku mandasi kufika lero: 110,000.
Zoperewera: 190,000.