Nsomba zikakukanani, kongoletsani ndodo

Inu abambo a ku Kafue amene mumachoka kumtsinje thumba lili pululu, lekani kunamizira mwezi ndi mphepo. Vuto ndi ndodo yanu yowedzera, ili maliseche. Ku America anatulukira kale kuti munthu atha kutchuka pa usodzi osapha ngakhale kamlamba, bola ndodo ikhale yokulungidwa ulusi wamawangamawanga. Mkulu wina, Dale Clemens, anachita kulemba buku lathunthu, Custom Rod Thread Art. Buku lonse, akuluakulu, nkhani yake ulusi basi.

Nsungwi ija ndi malegeni ake patsani ana. Gulani ndodo ya fibreglass, ndipo musataye nthawi pa timphete todutsa chingwe. N'zoona kuti ntchito yeniyeni ya ulusi ndi kugwira timphete timeneti kuti tisasunthe, koma zimenezo ngakhale mlamu wanu angathe. Ulemu uli pa kachigawo ka pamwamba pa chogwirira, pamene palibe chilichonse chofunika kumangidwa.

Pamenepo lembani timadontho motalikirana mofanana, mzere umodzi pamwamba, wina kunsi. Matani nsonga ya ulusi ndi tepi, muuzunguze mopendeketsa kukwera nawo, ukuponda dontho lililonse, kenako mubwerere nawo kuti upingasane ndi woyamba uja pa madontho omwewo. Tsopano yambani kuwonjezera, umodziumodzi, uku wofiira, uku wobiriwira, mukukankha ndi chikhadabo kuti pasatsale mpata. Mukawonjezera mbali zonse ziwiri patuluka diamond wrap, mukawonjezera mbali imodzi patuluka chevron. Mukaphonya dontho limodzi, maluwa onse apotoka, ndipo mudzazindikira pakati pa usiku mutafika kumapeto. Masulani, muyambirenso. Amake mwana akafunsa za ndiwo, ayankheni kuti muli pa size A, ulusi wopyapyala uja, ndipo munthu sayankhula ali pa size A.

Ulusi wa kwa telala musauyerekeze. Wa thonje umatuluka tiubweya, ndipo wina wopetera nsalu amaupaka silicone, amene amathamangitsa epoxy wopaka pamwamba pa ulusi n'kusiya timaenje. Ufunika wa nayiloni, woitanitsa kunja. M'tauni imene Kafue Textiles inkaomba zitenje zovala dziko lonse, lero mudikira kampukutu ka ulusi kuchokera kutsidya kwa nyanja. Musadandaule, kudula kwakeko n'kumene mudzanyadire pa bala.

Epoxy amabwera m'mabotolo awiri, ndipo musakanize miyeso yofanana ndendende, apo ayi ndodo idzakhala yomata mpaka Khirisimasi. Mukapaka, iyenera kuzungulira pang'onopang'ono kwa maola angapo kuti asayenderere kunsi. Anzathu ali ndi kamota kochita zimenezi. Inunso gulani, poti magetsi amapangidwa pompano pa Kafue Gorge. Akazima, dzutsani ana azisinthana kupotoza ndi manja. Munawaberekeranji?

Nyengo yabwino ya ntchitoyi boma linakukonzerani kale. Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kupha nsomba n'koletsedwa kuti ziswane. Miyezi itatu imeneyi inu ndi msodzi weniweni wa ku Chanyanya muli chimodzimodzi, nonse mulibe nsomba, koma inu muli ndi diamond wrap. Yendani nayo ndodo ku Shikoswe, mudutse ku Estates, muiimike pakhomo la tchalitchi.

March akalowa m'pamene pafunika nzeru. Khalani poonekera, pafupi ndi mlatho, kuti a m'mabasi a ku Livingstone ndi Chirundu adyetse maso. Mbedza musaponye kutali, ingakodwe mu Kafue weed. Nyambo ikatha, nenani kuti ndi crayfish, nkhanu za ku Australia zija zadzaza mtsinje, ndipo pamenepo simunama kwenikweni. Kamnyamata ka kabudula wong'ambika kakamavuula bream pambali panu ndi bango ndi nyongolotsi, musakayang'ane. N'kosaphunzira, bango lake lilibe ngakhale chevron.

Wina akalimba mtima n'kufunsa kuti nanga zanu zili kuti, muuzeni kuti ndodo iyi ndi ya tiger fish, siigwira zinthu wamba. Yankho ili silitha mphamvu, chifukwa kumtunda kwa Gorge mu Kafue mulibe tiger. Ali ku Zambezi.

Dzuwa likapendeka, pitani kwa amayi ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, musankhe ziwiri zonenepa. Musanafike kunyumba, booleni mlomo wa iliyonse ndi mbedza. Koma yang'anitsitsani m'khosi, chifukwa ukonde umasiya mzere, ndipo amake mwana anakulira kumtsinje.