Ine ndi Ndowa ya Thobwa

Ndivomere pano anthu asanandiulule: mapiritsi a shuga ndinawasiya ndekha, popanda wondituma. Chinandisokoneza mutu ndi kathumba ka mawere kamene alamu anga anabwera nako kuchokera ku Chitipa.

Munali mu 2023, chaka chimene bungwe la United Nations linachipatula kuti chikhale chotamanda mbewu zonga mawere, mchewere ndi mapira. Alamu atangokhala pamkeka anati, "Alamu, ufa woyerawu ndi umene ukukumalizani. Yesani mawere." Sananame ayi. Mawere amagayidwa ndi khungu lake lomwe, ndiye amachedwa kugayika m'mimba, shuga n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono, kusiyana ndi nsima ya chimanga chokonola. Koma khutu langa linangotola liwu limodzi: mawere.

Nsima yake ndinailawa kamodzi kokha. Yakuda bii, yomata m'zala, mano n'kumakumana ndi timchenga. Ndinasamba m'manja mwaulemu. Usiku womwewo nzeru zinandifikira, zija zimabwera munthu akamapita kokagwa m'mbuna. Kodi thobwa si mawere omwewo?

Mayi a kunyumba ananyika mawere aja, kuwafunditsa thumba mpaka atamera, kuyanika, kugayitsa. Chimera chinapsa. Anaphika phala la ufa woyera, kuthira chimera, ndowa n'kudzaza. Ine n'kumawonjezera masupuni awiri a shuga m'kapu, ati kuti mankhwala atsike bwino. Mapiritsi anga a Metformin ndinawabisa pansi pa masokosi. Kuntchito ndinkanyamula botolo la malita awiri, n'kumalalikira anzanga kuti makolo athu sankadziwa mzere wa kuchipatala.

Sabata yachiwiri ludzu linandigwira la ng'ombe. Ndipo ludzulo ndinkalithetsa ndi chiyani? Thobwa lomwelo. Usiku ndinkatuluka kasanu kukataya madzi, mpaka galu wa aneba anasiya kundiuwa. Zilembo za pafoni zinayamba kuoneka mbuu. Mayi atadandaula ndinawayankha monyada kuti, "Musade nkhawa, ndi matenda akutuluka amenewo."

Anandikokera kuchipatala tsiku limene ndinaphonya chitseko n'kugunda khoma. Namwino anandibaya chala, kuyang'ana kamakina kake, kenako kundiyang'ana ine. Kanalemba 380, pamene munthu wonga ine asanadye amafunika kukhala pansi pa 130.

"Bambo, mwakhala mukudya chiyani?"

"Mawere okhaokha, anesi."

"Thobwa!" mayi analowerera. "Ndowa yathunthu. Mapiritsi ali m'masokosi."

Namwino uja anayesetsa kubisa phwete. Anandifunsa ngati ndinadabwapo kuti thobwa limatsekemera ngakhale usanathire kanthu. Mbewu ikamera, anatero, imatulutsa mphamvu yophwanya ufa kuti usanduke shuga, ndipo ntchito ya chimera m'phala ndi imeneyo. Ndiye kuti kwa masabata atatu mkazi wanga ankandifululira shuga m'ndowa, ine n'kumathiramo wina wa kugolosale.

Alamu nditawaimbira anakana kwamtuwagalu. "Ine ndinati mawere, alamu. Za thobwa mwazitenga kuti?"

Lero ndimadya mtanda umodzi wa nsima ya mawere osameretsa, osakaniza ndi mgaiwa, ndiwo zake nkhwani ndi nyemba. Timchenga tija tinatha mayi atayamba kupeta kawiri. Mapiritsi amasunga okha, n'kumandiyang'anitsitsa mpaka nditameza. Ndowa ija akukolopera m'nyumba.