Gadi Wosaphethira

Ife a ku Zomba nkhani ya mayeso timaidziwa. MANEB ili konkuno, Chanco ilinso konkuno. Mayeso a MSCE atabedwa mu 2020 mpaka kuimitsidwa, tonse tinapukusa mitu, ngakhale ife amene JCE tinaiwoloka ndi likasa la m'sokosi.

Nditamva kuti kwabwera mayeso olembera pakhomo pa intaneti, ndinati Chauta wandikumbukira. Ndinamata timapepala pakhoma, nthumanzi ndilibe.

Abale, woyang'anira alipo! Amakhala kutsidya kwa nyanja, iwe sumuona koma iye akukuona. Uyambe waonetsa chitupa cha unzika pakamera, kenako uzungulitse laputopu chipinda chonse. Munthu wosamudziwa n'komwe anaona neti yanga yobooka, thumba la chimanga lofika m'chiuno ndi kabudula woyanika pamsomali. Atafika patimapepala tija anangoti ndichotse. Ndinachotsa mwaulemu wonse.

Chilichonse chochitika pasikirini chimajambulidwa. Ukati utsegule tsamba lina, pulogalamu yakaniratu. Ukayang'ana kudenga, komwe ine ndimatapako nzeru chiyambire Sitandade 1, yakulemba kuti ukukayikitsa. Ukang'ung'udza funso, akuti ukunong'onezana ndi wina.

Lamulo lawo likuti ukhale wekha m'chipinda chachete. Ku Chinamwali? Funso loyamba, tambala wa aneba. Lachiwiri, mayi akunyumba pakhomo: "Bambo a Junior, ya makala ija!" Woyang'anira n'kufunsa kuti amene akundiuza mayankhoyo ndani. Ndisanafotokoze kuti awo amangofunsa mafunso, mayankho ayi, magetsi anati thi!

Mnzanga anati ulendo wina ndikalembere paphiri, chakufupi ndi damu la Mulunguzi, poti kumeneko kuli bata. Ndinachita lendi kachipinda, ndalama ya ndiwo n'kuthera pabandulo. Anyamata ogulitsa sitiroberi ndinawapepesa kuti asasokose, anandimvera. Koma nyani sapepeseka. Anasuzumira pazenera kumbuyo kwanga, pulogalamu n'kunena kuti yaona nkhope ziwiri. Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti inatenga kanthawi isanadziwe kuti wolemba mayeso ndi uti.

Inu opanga mapulogalamu amenewa, mudzagoneko kwathu kuno usiku umodzi musanalembe malamulo anu. Ndipo inu anzanga a likasa, sokosi zibwerere pantchito yake yakale. Tiyeni tizingowerenga basi.