Mlandu wa Dongo la Siliva ku Sunnyside

Zimitsani TV-yo, ndipo iwe uli pakhomowe, foni ilowe m'thumba. Ine agogo anu ndaitanitsa bwalo m'fulati muno, ngakhale ku Sunnyside kuno kulibe kachere woti tikhale patsinde pake. Majakaranda ali panjawo musandiuze, mtengo wongodziwa kutchena ndi kugwetsa nkhalamba ndi maluwa ake oterera sungasunge mlandu. Woimbidwa mlandu ndi mdzukulu wanga wamkaziyu, koma nonse mutchere khutu, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinanyamuka ku Dedza pa basi, kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, miyendo ili ndi dzanzi, nditamva kuti mwana akuphunzira kusula ndolo ndi mphete ku Tshwane University of Technology. Ndinkati ndidzapeza nyundo ndi mvukuto. Akuti zida zenizeni zili kusukuluko, koma kunyumba kuno ndakupeza ukukanya dongo ngati kamnyamata koumba ng'ombe kudambo.

Mlandu woyamba ndi wogula dongo. Ine ndaumba mbiya, mitsuko ndi nkhali chiyambire utsikana wanga, ndipo dongo tinkakumba tokha, kusenza pamutu, kusinja, osalipira ndi tambala yomwe. Iwe ukuitanitsa kapaketi ka magalamu 20, kochepa kuposa mbamu ya mwana, pa mtengo umene unakana kunditchulira pamaso pa amayi ako. Nditafunsa unati si dothi wamba, ndi ufa wa siliva wosakaniza ndi madzi ndi chomatira chimene chimapsa pamoto. Unati lidapangidwa ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi katswiri wa zitsulo Masaki Morikawa ku kampani ya Mitsubishi Materials, ndipo kampani ina, Aida Chemical Industries, idatulutsa lake lotchedwa Art Clay. Ine dzina la Mitsubishi ndinkaliona pa Pajero za mabwana, sindinkadziwa kuti nawonso ndi anzanga oumba. Koma ndivomere: nditaona kanthu kotuwa katuluka m'ng'anjo yako, nkukakwecha ndi burashi mpaka kuwala, siliva wa magawo 999 pa 1,000, ndinakhala kaye chete. Mphika wanga sudachitepo zimenezo.

Mlandu wachiwiri ndi wakuba kandulo ndi kyutekisi. Magetsi atazima Lachiwiri tinapapasa mumdima, kandulo osaoneka. M'mawa ndinaipeza itasungunuka m'kachitini patebulo pako, pambali pa kyutekisi wofiira wa azakhali ako. Ndinakhala kumbuyo kwako nkumaonerera, kunamizira kusoka. Unatenga kachidutswa ka dongo kouma gwa, kosawotcha, nkulembapo maluwa ndi phula lija, pena ndi kyutekisi. Zitauma, unayamba kupukuta ndi siponji yonyowa, kutsuka siponji, kupukutanso. Pamene panalibe phula dongo linkasungunuka nkutsika, pamene panali phula panatsala potukuka. Pamoto phula ndi kyutekisi zinapsa, maluwa nkutsala ali njo pa siliva. Unanditembenukira maso ali mbee nkunena kuti iyi ndi njira yatsopano, mwaiona pa YouTube.

Yatsopano kwa yani, mwana iwe? Apa ndiye pali mlandu wachitatu, wonyoza akuluakulu. Kakwere phiri la Dedza mvula ya Januwale itagwa. Pamene pali udzu nthaka imakhala, pamene pali poyera madzi amakokolola nkusiya chigwembe. Alangizi adatiuza zobzala vetiva m'migula chifukwa cha chomwechi. Nanga chitenje ndavalachi? Timati cha Java chifukwa luso lake lidachokera pachilumba cha Java ku Indonesia, kumene amayi amalemba nsalu ndi phula asanaiviike mu utoto, kuti pamene pali phula utoto usalowe. Ndiye iwe watenga nzeru ya m'munda ndi ya pachitenje cha agogo ako, nkuipatsa dzina lachizungu. Ngakhale zokongoletsa zitsulo si za lero. Konkuno ku University of Pretoria amasunga kachipembere kagolide ka ku Mapungubwe, kopangidwa zaka pafupifupi 800 zapitazo ndi anthu akuda ngati ife, amene adasula golide mpaka kupyapyala nkumukhomera pamtengo wosema ndi timisomali. Anthuwo analibe magetsi, ndipo kandulo ya munthu sadabe.

Tsono mlandu wachinayi sindiseka nawo. Madzi otuwa amene unkatsukiramo siponji unawakhuthulira m'sinki. Mayo ine! Kodi sudziwa kuti chotuwacho ndi siliva yemwe uja wa mtengo wobisa? Malemu agogo ako aamuna adabwera kuno ku Joni pa Wenela, nkumalowa pansi pa nthaka kukaswa miyala ya golide. Adabwerera mu nthawi ija Kamuzu adaletsa ulendo wa kumigodi, ndege itagwa ku Francistown mu 1974 nkupha amuna a kwathu oposa 70. Adabwera ndi njinga, bulangete, wailesi ndi chifuwa. Mphete sadabwere nayo, golide amene ankakumba sadamugwirepo ndi m'manja momwe. Lero mdzukulu wawo ali ndi siliva patebulo, akumutsira m'mipope ya Tshwane kuti achule avale. Kuyambira lero madziwo uziwasiya m'kapu adikhe, utsanule a pamwamba, matope otsalawo uwasunge m'kabotolo. Ndiwo udzamatira ming'alu. Woumba aliyense kwathu amadziwa kuti nyenyeswa za dongo zimabwerera mumtanda.

Mlandu wachisanu ndi phuma. Ndolo imodzi unaipukuta mwaukali mpaka kuboola, chifukwa unalipamanthitsa kwambiri dongo, osasiya mnofu woti madzi adye. Ina unaiika pamoto isanaumitsitse, inatuluka ndi matuza, iwe nkumalira. Ine mphika ndimauumitsa pamthunzi masiku angapo ndisanauonetse moto. Mphete ija unayeza pa chala chako inatuluka yokwana khanda, pakuti unaiwala kuti dongo lako limafota, lina gawo limodzi mwa magawo 10, lina kuposa apo. Ndipo pa pepala lako palembedwa madigiri 650 kwa mphindi 30, koma iwe umafuna kukweza moto kuti uthamangire kumashopu a ku Menlyn. Siliva amasungunuka akafika madigiri 961, ukapitirira udzapeza kampira m'malo mwa maluwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndisaiwale mankhwala ako odetsera m'maenje kuti maluwa aoneke, onunkha ngati mazira owola aja. Neba wa ku Congo anagogoda kudzafunsa ngati muno mwafa khoswe, ndipo poti nkhalamba ndi ine, anayamba kuyang'ana ine. Uzitsekula mawindo, utsi wa kyutekisi si lubani.

Bwalo lamva zonse, ndipo wolakwa sapatsidwa mpata woyankha chifukwa nsima ikuzizira. Chigamulo nachi. Ubweze kandulo ziwiri. Azakhali ako uwagulire kyutekisi ku Marabastad, wofiira yemweyo. Chindapusa chachikulu ndi cha ine. Amayi anga anali ndi mphini m'masaya, timizere titatu uku, titatu uku, ndipo chithunzi chawo palibe adajambula. Ndidzakulembera papepala mmene zinkakhalira, iwe uzilembe ndi phula pa dongo lakolo, upukute modekha, timizere titsale totukuka. Ndolo ziwiri, zopepuka, makutu anga ndi akale. Ndikufuna ndikazivale ku Mvano ndikabwerera, ndipo amayi akandifunsa kumene ndagula, ndidzati pali kamwana kena kosamva ku Pretoria, kamene kadandibera kandulo.

Tsono sendera kuno, undiphunzitse kagwiridwe ka siponjiyo. Ndikungofuna kuonetsetsa kuti ukulakwitsa pati.